Liwu limene Ndaziona anabwera nalo

Ndaziona wabwera nalo m'chikwama,
pakati pa kope la masamu ndi chimanga chootcha chotsala theka.
Evolushoni.
A Kamwendo, aphunzitsi a Chingerezi, ati mawa m'mawa
aliyense abwere ndi ziganizo zitatu,
liwulo likhalemo momasuka, osati mopanikizidwa
ngati munthu wachinayi pa mpando wa minibasi.

Magetsi azima kuyambira masana kuno ku Chinsapo.
Ndayatsa tochi ya pa foni, ndayiimika m'kapu.

Ine ndimagulitsa kaunjika pa Tsoka.
Chingerezi changa ndi cha m'khosi mwa malaya,
kuchapa ndi madzi ozizira, osasita pamoto wambiri.
Koma mwana akafunsa, sunena kuti sindidziwa.
Umayamba wakokera mpando pafupi.

Akuti liwuli siliyenda lokha.
Limakoka kamawu kumbuyo, ka zilembo ziwiri, of,
ngati kaliyala ya wakabaza,
ndipo pamenepo amakwezapo chilichonse:
mbalame, chilankhulo, galimoto, ndalama.

Chiganizo choyamba wachitenga m'buku la sayansi,
za anthu ndi anyani kuti agogo awo akalekale anali amodzi.
Abusa a Chikuse anazikana izi Lamulungu lina
mpaka thukuta kunyowetsa kolala.
Ine sindinaikepo mlomo.
Koma ndinamuonapo nyani cha ku Lingadzi
atandilanda nthochi, n'kukhala pa nthambi, kumandiyang'ana
ndendende mlamu wanga akatenga ngongole.

Chachiwiri ndampatsa ndine.
Ndati lemba za mzinda uno.
Ndinabwera pa lole kuchokera ku Mitundu ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
pomwe pali mashopu a magalasi paja tinkadulapo udzu,
palibe tsiku limene ndinadzuka n'kuti lero Lilongwe wasintha,
koma taona, ndimasochera pa msewu umene ndinaponda usanathiridwe phula.
Ndaziona wati ndi zimenezo, amayi,
kusintha kopanda tsiku lake.

Polemba, dzanja laterera, waika r kutsogolo.
Waseka, wati limenelo ndi lina,
limenelo ndi lothamanga, la matayala oyaka pa msewu.
Ndikulidziwa limenelo.
Ndinathamangapo nalo belo ili pamutu,
utsi ukuwawa m'maso, pa mlatho wa matabwa
wolipiritsa uja atathawa osatolera ndalama.
Kachilembo kamodzi kokha?
Fufuta, mwanawe. Fufuta bwinobwino.

Chachitatu walemba ataphimba ndi chigongono.
Wandiyang'ana, walemba, wandiyang'ananso.
Tochi yayamba kufooka.
Sanandiwerengere.

Lachinayi kope labwerera ndi inki yofiira.
Ziwiri mwa zitatu.
Ndati chalakwika n'chiyani, iye wayang'ana pansi,
kenako wamasulira pang'onopang'ono:
evolushoni ya manja a amayi anga yatenga zaka makumi awiri ndi zitatu.

A Kamwendo alemba m'mphepete kuti ayi,
liwuli ndi la zinthu zazikulu, za mitundu ndi mibadwo,
manja a munthu mmodzi amangokalamba basi,
pali liwu lina lophweka la zimenezo.

Mwina akunena zoona. Iwo ndiwo anapita ku koleji.

Lero m'bandakucha ndadula mawaya a belo yatsopano.
Zala zanga sizimvanso kubaya.
Zimadziwa jinzi yabwino ndisanayione,
zimawerenga chenji mumdima,
chala chamkombaphala chinapindika chokha
malo enieni amene waya amadutsa.
Manja amene ndinakwera nawo lole aja
sakanatha zimenezi.

Ndawatembenuza kawiri pa kuwala kwa nyali ya mnzanga.
Kenako kasitomala wafunsa mtengo wa siketi.